Mtengo Umene Col Sanadule

Ndinam'peza mwamuna wanga ali pamwamba pa makwerero, akukhomerera paipi ya pulasitiki pa mtengo wa kuseri kwa khola la nkhosa. Munthu wa imvi mutu wonse, bondo limodzi lachitsulo.

"Col, tsika usanathyoke."

"Gwira makwererowa, Rae, usiye kulongolola. Mbalame zikaona ichi ziyesa mphako."

"Mbalame si zopusa ngati iwe."

Ndinagwira. Ndikanatani? Akagwa, womutawasa ndine ndemwe.

Chitsekere nyumba ya magetsi a malasha, boma la chigawo chathu lakhala likusaka malo oikapo ng'anjo ya nyukiliya, zija zazing'ono zobwera pa malole zidutswazidutswa. Kuno ku Kendarup anasankha malo awiri oti awayeze. Ena ndi famu yathu ya a Pengilly, chifukwa nthambo zikuluzikulu za magetsi zimadutsa pakati pake. Ena ndi munda wa maapozi wa a Zanetti, chifukwa uli m'mbali mwa damu. Atenga amodzi. Pomwe asankhepo adzalemba mzere wozungulira, ndipo m'kati mwa mzerewo simudzagonanso munthu.

Col anakhoma chikwangwani pageti chakuti KUNO AYI. Enzo Zanetti anakhomanso chake, mawu omwewo, utoto wogula m'sitolo imodzi. Aliyense akudziwa kuti ukati kuno ayi, ndiye kuti wati uko inde.

Vuto ndi lakuti mwana wanga Jacinta anatomeredwa ndi Dario, mwana wa Enzo. Ukwati ukanachitika chaka chatha. Azibambo awiriwa anavina atakolekerana m'khosi pa phwando la chitomero, lero akakumana pothira mafuta wina amadikira m'galimoto mpaka mnzake achoke. Col analamula kuti Dario asadzapondenso pano.

Kenako kunabwera mawu akuti malo amene zinkhwe zakuda za michira yofiira zikuikira mazira sadzakhudzidwa, poti lamulo limaziteteza. Ndinaseka mpaka misozi. Col ndi alimi anzake akhala akugwetsa mtengo uliwonse wa mphako moyo wawo wonse, mwakachetechete, poopa kuti a boma akapezamo chisa sungadulenso ngakhale kamtengo kotokosera m'mano. Lero munthu yemweyo akuyenda khosi lili m'mwamba, akukhoma mapaipi, akuziimbira mbalame kulira kwa zinzake pa wailesi. Ndinamva kuti Enzo nayenso akuchita zomwezo.

* * *

Jacinta anandiuza tikuyanika zovala. Mwanayu akafuna kunena chovuta amadikira ndili ndi zopanira pakamwa.

"Amayi, mutakhala ndi chinthu choti chipulumutse famu ino koma chiphe ukwati wanga, mungatani?"

Ndinalavula chopaniracho. "Uli ndi mimba?"

"Amayi inu! Ayi!"

"Ndiye lankhula zomveka, ndasiya nyama mu uvuni."

"Ine ndi Dario timakumanabe."

"Ndikudziwa. Palibe munthu amapita kukayendera mpanda atadzola milomo."

Sanaseke. Anapinda thawulo, n'kulipindulanso.

"Komwe timakumanako kuli bulugamu wakalekale amene adadi sanamuone. M'famu mwathu momwemuno. Muli zinkhwe, amayi. Chachikazi chimalowa m'mphako chafutambuyo, chachimuna chimachibweretsera chakudya. Chikufungatira."

Ndinakhala pa dengu la zovala zonyowa.

"Tinalumbirirana kuti sitiuza munthu," anapitiriza. "Ndikanena ine, ng'anjo ipita kwawo. Ndiye mayi ake azidzandiona tsiku ndi tsiku n'kumakumbuka kuti wowasamutsa ndine. Dario akuti boma lisankhe lokha, ife manja athu akhale oyera."

"Manja oyera. Nanga ine wandiuziranji? Anga ndiye ade?"

"Ndimalephera kupuma, amayi."

"Ndiye wati tizilephera tonse."

Ndinayang'ana nyumba. Si yokongola. Khonde lake Col anamanga mopendekeka, denga limadontha pamwamba pa firiji. Koma ndinalowa m'menemo ndili mtsikana ndipo ndimadziwa thabwa lililonse lomwe limalira. Ndinayang'ananso mwana wanga, maso ali psuu.

"Usandiuze pomwe uli mtengowo. Wamva? Bambo ako ndimagona nawo bedi limodzi, ndipo ine ndimabwebweta kutulo."

* * *

Lachinayi kunali msonkhano ku holo. A boma anatumiza mtsikana waulemu ndi mapu aakulu. Anatiuza kuti ng'anjozo n'zosaopsa, kuti mzere wake ndi waung'ono, kuti palibe chatsimikizika, kuti maganizo athu ndi ofunika. Wina anafunsa kuti ngati n'zosaopsa bwanji osaziika kuseri kwa nyumba ya malamulo mumzinda. Anthu anaomba m'manja, mtsikanayo analemba, tinapita kukamwa tiyi. Misonkhano yonse imatha choncho. Komiti ya madzi ikudikira ya nthaka, ya nthaka ikudikira ya mbalame, ife tikukalamba.

Pa tebulo la tiyi ndinagundana ndi Rosa, mayi wa Dario. Tinkasinthana mbewu za maluwa kale.

"Matimati apsa chaka chino?" ndinafunsa dala.

Kwa a Zanetti tsiku lophika matimati ndi lalikulu kuposa Khirisimasi. Mtundu wonse umasonkhana m'shedi, ena kutsuka, ena kupera, ena kuthira m'mabotolo msuzi wa chaka chonse. Akakuitana ndiye kuti akuwerengera m'banja. Jacinta amapita chaka ndi chaka, agogo ake a Dario mpaka anamusokera epuloni yakeyake.

"Lamlungu," anatero Rosa osandiyang'ana. "Koma tichita zazing'ono. Apabanja okha."

Apo n'kuti Shanae atatulukira kumbuyo kwake, atamunyamulira Rosa mbale ya masikono. Ndi mwana wa mwini galaja. Anali chibwenzi cha Dario ali kusekondale, ndipo mpaka lero sanavomereze kuti sukulu inatha.

"Mayi Pengilly! Mukamuuze Jacinta asadandaule, epuloni yake ndiisamala. Yangondithina pang'ono pachifuwa apa."

"Ikuthina chifukwa si yako, mwanawe."

"Iii, mayi, nthabwala chabe."

"Nanenso ndikuseka. Sukuona mano?"

Atachoka, Rosa anatsitsa mawu. "Ndikanatani, Rae? Enzo wanena kuti wa kwa Pengilly asaponde. Apongozi anga anabzala mitengo ija ndi manja awo. Akuti m'nyumba ija adzatuluka ali m'bokosi basi. Masiku ano sakudya."

Ndinali ndi mawu m'kamwa otha kumugwetsera zonse mayi ameneyu, mwana wake yemwe akundithandiza kuwabisa, iye osadziwa. Ndinatenga sikono n'kudzitseka nayo pakamwa.

* * *

Lamlungu masana Col anapita kukaona mapaipi ake. Jacinta anagona pa sofa, foni ili pamphuno. Shanae anali kalikiliki kuika zithunzi pa intaneti.

"Onani, amayi."

Dario akutakasa mgolo wa matimati, Shanae akumupukuta thukuta ndi nsonga ya epuloni.

"Onaninso ichi."

Shanae akumudyetsa buledi wosunsa mu msuzi. Pansi pake analemba liwu limodzi: Banja.

"Ika foniyo pansi, ukasende mbatata."

"Akuseka, amayi."

"Munthu akamajambulidwa amaseka. Ena amaseka ndi pamaliro pomwe."

Jacinta anamulembera Dario kuti, "Zikukoma?" Sanayankhe. Analembanso, "Ndaona wapeza wokupukuta thukuta." Zii. Analembanso, "Uwapatse moni akazi ako." Ndinamuuza kuti munthu manja ali m'matimati sangagwire foni, koma kulankhula ndi mtsikana wansanje kuli ngati kuuza nkhosa kuti geti lili uko. Ndinangoona wadzuka, wabweretsa foni kukamwa, wayamba kujambula mawu.

"Dario Zanetti, ine ndakhala chete ngati chitsiru, ndikuonerera bambo anga akukhoma mapaipi m'mitengo, chifukwa cha iwe. Ukudziwa kuti ndikhoza kuwauza za chisa cha zinkhwe lero lomwe? Ng'anjoyo ibwere kwanuko, muzidzaphikirapo matimati anuwo ndi Shanae wakoyo!"

Ndinalumpha ndi mpeni wa mbatata m'manja, koma uthenga unali utapita.

"Fufuta msanga!"

"Ayi. Amve."

Anamvadi. Mbatata zisanawire, foni inalira. Ndinali pafupi, ndinamva zonse.

"Jaz, wachita chiyani?" Mawu a Dario anali otsika, ngati akulankhulira kuseri kwa chitseko.

"Wapeza nthawi tsopano? Akupukuta m'manja?"

"Foni yanga inali pa sipika, imaimba nyimbo m'shedi. Shanae anati, uthenga wa Jacinta uwu, ndikutsegulire? Ndisanayankhe, wadina."

Jacinta anakhala pansi pang'onopang'ono. "Amva ndani?"

"Onse. Adadi, amalume, agogo. Ndi ansembe omwe, anabwera kudzadalitsa mabotolo."

Kumbuyo kwake kunkamveka Enzo akukuwa m'Chitaliyana, kenako botolo kusweka.

"Dario, sindimafuna kutero. Ukudziwa kuti sindikananena."

"Ndikudziwa. Koma wanena."

Anadula. Jacinta anandiyang'ana ngati ndili ndi mankhwala m'thumba. Ali mwana ndinkati akagwa ndimuuzire pabala, basi zatha. Ichi chinalibe pouzira. Ndinamupatsa mpeni kuti amalize mbatata, manja akhale ndi chochita.

* * *

M'mawa mwake galimoto ya Dario inaima kunja kwa geti, pansi pa chikwangwani cha Col. Ndinapita naye limodzi Jacinta chifukwa onse awiri sindinkawakhulupirira. Mnyamatayo anali asanamete, zikhadabo zikadali zofiira ndi matimati.

"Mwadzuka bwanji, a Raelene?"

"Tadzuka ngati anthu oti asamuka. Icho n'chiyani kumbuyoko?"

Kumbuyo kwa galimoto kunali macheka a injini ndi kagaloni ka mafuta.

"Aikamo adadi. Akuti ndikagwetse mtengowo a boma asanauone. Ndikabwerako machekawo ali ozizira, ndisalowenso pakhomo pawo."

"Umenewo ndi mlandu. Akumanga."

"Ndawauza. Akuti mwana akalowa m'ndende amatuluka, munda ukapita subwerera."

"Nanga mayi ako akuti chiyani?"

"Akungotsuka mabotolo otsuka kale."

Jacinta anali atapinda manja pachifuwa. Ndinkayembekeza kuti apepesa. Anati, "Anakudyetsa buledi."

"Jaz, chonde. Dziko likupsa, iwe ukunena za buledi?"

"Pakamwa unatsegula wekha."

"Ndikanamuluma chala?"

"Ukanamuluma!"

"Inu ana," ndinatero, "ndili ndi nkhuku zosadya. Ngati mwabwera kudzakangana za buledi, ine ndikupita."

Dario anagwira geti ndi manja awiri. "Tiye tichoke, Jaz. Lero. Kumigodi kumpoto akufuna anthu, mnzanga ali ndi chipinda. Tikakwatirane ku ofesi ya boma, mboni tikatola pamsewu. Mtengo tiusiye pomwe uli, awa atsale akulimbana okha."

Jacinta anatembenukira kwa ine.

"Usandiyang'ane," ndinamuuza. Kunena zoona ndinkafuna apite, ndinkafunanso asapite, ndipo zonse ziwiri zinkandipweteka malo amodzi.

Asanayankhe, tinamva njinga yamoto. Col anatsika pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija, galu ali pambuyo. Ndinkadikira kuti akuwe. Sanakuwe, ndipo chimenecho n'chomwe chinandiopsa.

"Bambo wa Shanae wandiimbira kuchokera ku galaja," anatero. "Akuti tauni yonse ikudziwa kuti m'famu mwanga muli chisa. Wosadziwa ndi mwini famu yekha." Anandiyang'ana. "Rae, umadziwa?"

"Ndimadziwa kuti chilipo. Pomwe chili sindidziwa."

"Ndipo umangondipakulira chakudya."

"Unkafuna ndikugonekenso ndi njala?"

Anandisiya. Anapita pageti, anaona machekawo, anaona Dario.

"Aise, ndionetse mtengowo. Ukwati ndikonza ndekha. Ndivala ndi tayi yemwe, ndivina ndi bambo ako ngati angafune."

"Sindingathe, a Col. Ndikakuonetsani ndiye kuti ndawatulutsa ndekha agogo anga m'nyumba."

"Ndiye ukagwetsa?"

"Sindinatero."

"Sunakanenso."

Col anavula chipewa, chinthu chomwe amachita kutchalitchi kokha, n'kutembenukira kwa mwana wake.

"Jacinta, sindikukakamiza. Ine sindidziwa ntchito ina. Akandiika m'tauni ndizikakhala pakhonde kuonerera magalimoto mpaka kufa. Ngati iwe ukuti ndipite, ingonena, ndiyambe kufunsa ogula nkhosa. Koma undiuze wekha, ndisamve kwa anthu a ku galaja."

Mwamuna ameneyu sanalire pa maliro a mayi ake. Ndinamuona akulira kamodzi kokha, chaka chomwe moto wolusa unatipserezera nkhosa. Tsopano chibwano chinali kunjenjemera chimodzimodzi.

"Jaz," anatero Dario chapansipansi. "Tinalumbira."

Ndikanatha kulowererapo. Ndakhala ndikulowerera pakati pa anthu a m'nyumba muno moyo wanga wonse, pa nkhani za galimoto, za sukulu, za agalu. Koma apa kulikonse komwe ndikanakankhira, wina amagwa.

Jacinta analankhula akuyang'ana nsapato zake.

"Kuseri kwa miyala yoyera, adadi. Kutsikira kukhwawa, komwe thirakitala sifika."

Dario anagwedeza mutu ngati munthu amene dokotala wamuuza zomwe ankazidziwa kale. Anasiya geti.

"Chabwino, Jacinta."

Osati Jaz. Jacinta yense, ngati akuwerenga dzina la mlendo.

"Dario, dikira. Wawaona bambo anga. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ine anga andifunsa usiku wonse. Sindinanene."

Analowa m'galimoto. Kwawo ndi kumanzere. Iye anakhotera kumanja, m'kanjira kotchinga moto kamene kamatsata mpanda wathu mpaka kukhwawa. Fumbi linatsala lili tolo.

Col anatulutsa foni, anaimba nambala yomwe mtsikana wa mapu uja anatipatsa. Anayankha makina. Anati ofesi sinatsegule, uthenga wathu ndi wofunika, tisiye dzina. Col anatukwana makinawo, anandiponyera foni, anakwera njinga n'kudutsa m'munda molunjika, galu akuthamanga pambuyo. Njira ya m'munda ndi yaifupi koma ili ndi mageti otsegula, ndipo bondo lake silifulumira.

Tinatsala awiri.

"Amayi, wapita kukaulondera kapena kukaudula?"

"Womudziwa ndiwe."

"Dzulo ndimamudziwa."

Foni ya Col inali ikulankhulabe m'manja mwanga, ikundifunsa ngati ndikufuna kumva uthengawo kachiwiri. Ndinaizimitsa kuti timve bwino. Nkhuku zinali kulira njala kukhola, mphepo ikugwedeza waya wa mpanda. Tinaima pomwepo makutu ali kukhwawa.

Patapita nthawi, kutali kwambiri, injini inatsokomola kamodzi n'kuzima. Inatsokomolanso, n'kugwira. Jacinta anandifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Ndi njinga ya adadi imeneyo, eti amayi? Ndi njinga?"

Ndakhala pa famu zaka zonsezi, ndimasiyanitsa kulira kwa injini iliyonse ndili m'khitchini. Tsiku limenelo ndinamvetsera ndi mtima wanga wonse, ndipo sindinathe kumuuza ngati inali njinga kapena macheka.